Msonkho wa Mapulazi ku Battlefields, ndi Ife Antchito

Abale athu a m'makomboni a migodi ndi a m'mapulazi, kuyambira ku Battlefields, kupyola ku Kadoma, kufikira ku Chegutu, tili ndi mawu pa nkhani imene ambiri a ife tiyesa kuti si yathu. Nkhaniyo ndiyo ya msonkho umene eni mapulazi akhoma chifukwa cha nthaka yawo, ndi kulira kumene iwo alira chaka ndi chaka kalata ya msonkhowo ikafika. Munthu wolima m'munda wa mwini, amene alibe ngakhale mzere umodzi wolembedwa m'dzina lake, akamva mabwana alikudandaula amangoti, "Zawo zimenezo," natola khasu lake, napita. Ife tikuti si zawo zokha ayi. Kalata ija ifikira ku nyumba yaikulu, koma mwezi usanathe mphepo yake imveka ku komboni: malipiro achedwa, phoso lichepa, ndipo aganyu auzidwa kuti adzabwere mvula ikagwa.

Dzina ili la Battlefields, ndiko kunena mabwalo a nkhondo, lisanyenge munthu. Silinachokere ku nkhondo yomenyedwa pano. Azungu ofuna golide amene anakhoma zikhomo zawo m'dera lino anatcha migodi yawo mayina a nkhondo zomveka za mtundu wawo, monga Trafalgar ndi Tel-el-Kebir, ndipo malo onse anatengera dzina ku migodiyo. Njanji ya pakati pa Salisbury ndi Bulawayo inatha mu 1902, ndipo ndiyo imene makolo athu anatsata pofuna ntchito ku Cam and Motor, ku Giant ya ku Gadzema, ku Globe and Phoenix, ndi m'mapulazi a chimanga, thonje ndi ng'ombe ozungulira Gatooma ndi Hartley, monga midzi iwiriyi inali kutchedwa kufikira 1982. Chiyambire masiku amenewo eni nthaka ndi Boma akhala alikukangana za msonkho, ndipo ife takhala tili pomwepo, osafunsidwa kanthu.

Tiyambe ndi zimene ambiri a ife tinaona ndi maso. Kwa zaka zambiri eni mapulazi anali kukhoma ku khonsolo ya dera lawo msonkho wotchedwa unit tax, woyesedwa monga mwa kukula kwa nthaka ya munthu. Mu 2015, Patrick Chinamasa ali nduna ya chuma ndi Douglas Mombeshora ali nduna ya malo, Boma linaika mtengo umodzi m'dziko lonse. Mlimi wa pulazi lalikulu, la mtundu wotchedwa A2, anauzidwa kupereka madola 5 a ku America pa hekitala iliyonse pa chaka, ndiwo madola 3 a lendi ya nthaka ndi madola 2 a chitukuko. Wa munda waung'ono wa A1 anauzidwa madola 15 pa chaka, 10 a lendi ndi 5 a chitukuko. Ndalamazo zinayamba kusonkhetsedwa ndi unduna wa malo m'malo mwa khonsolo, ndipo kunamveka chenjezo lakuti wosakhoma akhoza kulandidwa pulazi. Mitengo yasinthasintha chichokere chaka chimenecho, monga ndalama ya dziko lino nayonso yasinthasintha, koma mkangano wake ndi womwewo.

Alimi analira, ndi mabungwe awo analira nawo. Anati mtengo wakwera koposa, pakuti nyengo ya 2015 ndi 2016 inali ya chilala choopsa, ndipo ndalama za chimanga chimene anapereka ku GMB zinali kuchedwa kutuluka. Anati nthaka si yawo kwenikweni, popeza chiyambire 2005 mapulazi olandidwa aja ali m'manja mwa Boma, ndipo ambiri a iwo anali ndi kalata chabe yotchedwa offer letter, imene banki siinali kuilandira ngati chikole cha ngongole. Anatinso misewu siikonzedwa, nanga chitukuko chimene alikukhomeracho chili kuti? Makhonsolo nawo anadandaula, nati ndalama zikapita ku Harare zichedwa kubwerera.

Pa mfundo imodzi tivomerezana nawo, ndipo sitichita manyazi kunena. Kuyesa nthaka yonse ndi muyeso umodzi si chilungamo. Dziko lino linagawidwa kalekale m'zigawo zisanu monga mwa mvula yake, ndipo mwana aliyense wa sukulu adziwa kuti hekitala ya ku Mazowe, ya dothi lofiira ndi mvula yokwanira, siilingana ndi hekitala ya kuno, kumene mvula ibwera mwa apo ndi apo ndi kuleka pakati pa Januwale chimanga chili pafupi kumasula. Siilingananso ndi hekitala ya kumwera kwa Matabeleland, kumene ng'ombe imodzi ifuna tchire lalikulu kuti ikhute. Ngakhale pulazi limodzi lomwelo lili ndi dambo, ndi miyala, ndi maenje a okumba golide amene salimika konse. Tiyerekeze pulazi la mahekitala 400. Pa mtengo wa 2015 msonkho wake unali madola 2,000 pa chaka. Wantchito wamba wa pa pulazi masiku amenewo anali kulandira pafupifupi madola 70 pa mwezi. Chotero msonkho wa pulazi limodzi unaposa malipiro a anthu awiri a chaka chathunthu. Mwini pulazi wosauka mtengo akawerenga motero, adziwa msanga kumene akapeze ndalamazo, ndipo ife tidziwanso.

Koma pamene eni nthaka achoka pa kunena kuti "muyeso wapotoka" nafika pa kunena kuti "sitikhoma konse," pamenepo tisiyana nawo. Ambiri a iwo analandira nthakayo osagula. Anaifuna, naipempha, nailandira. Ndipo akulu anati walira mvula walira matope. Munthu sangathe kukhala ndi mahekitala mazanamazana a dziko la anthu onse, ndi kukana kuponyako kanthu m'thumba la anthu onse. Tsono taonani amene apwetekeka thumbalo likakhala lopanda kanthu. Bwana ali ndi galimoto yaitali miyendo imene ioloka paliponse. Akadwala apita kwa dokotala ku Kadoma kapena ku Harare. Ana ake ali ku sukulu yogonera komweko. Msewu ukakumbika, wokwera ngolo ya ng'ombe usiku kunka ku chipatala ndi mkazi wa ku komboni amene nthawi yake yakwana. Mlatho ukakokoloka, mwana woima tsidya lija la mtsinje kudikira kuti madzi aphwe ndi wathu. Chitsime cha mjigo chikafa, womwa madzi a m'maenje a golide ndi ife. Pambuyo pa 2000 ana ambiri a m'mapulazi anaphunzira m'zigafa za fodya ndi m'nyumba zakale za azungu, atakhala pa njerwa. Msonkho wa chitukuko ukapanda kukhomedwa, sukulu zimenezo sizidzaona denga lake.

Chotero taima pakati pa moto uwiri. Msonkho ukakwera mopanda muyeso, mwini autsitsira pa msana pathu. Ukapanda kukhomedwa, tisowa msewu ndi mankhwala. Ndipo ichi si chatsopano. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti achinyamata ambiri sanamve zimenezi.

Mu 1908, dziko lino likali m'manja mwa British South Africa Company, kunaikidwa lamulo lotchedwa Private Locations Ordinance. Masiku amenewo azungu ambiri ndi makampani anali ndi nthaka yaikulu imene sanali kulima, koma anali kudya lendi ya anthu akuda okhala pamenepo, anthu amene makolo awo anaikidwa m'nthaka yomweyo mzungu asanafike. Lamulo lija linati mwini nthaka wokhala pa pulazi lake apereke sheleni imodzi pa chaka pa mwamuna aliyense wolipira lendi, ndipo mwini wokhala kutali apereke masheleni asanu. Eni nthaka anatsutsa kolimba, ndipo lamulolo linachedwa kugwira ntchito kufikira 1910. Nanga litagwira ntchito anatani? Ambiri anangokweza lendi, kuti masheleni aja atuluke m'thumba la wokhala pa nthaka. Kampani nayo mu 1909 inaika lendi ya paundi imodzi pa anthu okhala pa nthaka yake yosagulitsidwa. Mabanja ambiri anamanga akatundu nasamukira ku malizevu. Msonkho unalembedwa m'dzina la mzungu, koma anaukhoma ndi Mshona ndi Mndebele.

Mu 1911 kunabuka mkangano wina, ndipo uwu unakhudza makolo athu enieni. Boma la Kampani, pofuna ndalama zoyendetsera bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesian Native Labour Bureau, limene anthu analitcha Chibalo, linalamula kuti wolemba ntchito aliyense apereke sheleni imodzi pa mwezi pa wantchito wakuda aliyense. Alimi achizungu anapsa mtima, nati bungwelo lipindulitsa migodi yaikulu, ndipo iwo sadzalipirira anthu a Kampani. Anachita misonkhano, napangana kusakhoma, ndipo ambiri anaitanidwa ku bwalo la milandu. Koma sanagonje, ndipo potsiriza pake Kampani ndiyo inabwerera m'mbuyo. M'misonkhano yonse ija ananena za mtengo wa munthu wakuda monga anena za mtengo wa ng'ombe ya pagoli, koma panalibe mmodzi wofunsa ngati munthu wa Chibaloyo adya chiyani, agona pati, ndi chifukwa chake anzake alikufa ndi chibayo ndi matenda a kusowa ndiwo m'makomboni a migodi.

Tilinganize tsono kukana kumeneko ndi kukana kwa makolo athu. Ku Nyasaland msonkho wa nyumba unali masheleni atatu mu 1894. Pofika 1902 unali masheleni asanu ndi limodzi, koma munthu wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi anali kukhoma theka lake. Ndiko kunena kuti msonkhowo unali chikoti chothamangitsira anthu ku minda ya azungu. Kuno ku Rhodesia msonkho wa nyumba unayamba mu 1894 pa masheleni khumi, ndipo mu 1904 unasanduka paundi imodzi pa mwamuna aliyense. Munthu wakuda wolephera kukhoma sanali kuitana msonkhano m'holo ya alimi, kapena kulemba kalata ku nyuzipepala. Asilikali a Boma anali kufika m'mudzi mbandakucha, natentha nyumba, ndipo kwathu ku Nyasaland anali kugwira akazi ndi kuwasunga pa boma kufikira mwamuna atapeza ndalama. Msonkho umenewo ndiwo unatulutsa agogo athu ku Dedza, ku Ntcheu, ku Nkhotakota ndi ku Mzimba, nayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi ku dziko la Apwitikizi, nalowa kuno podzera ku Mtoko kapena ku Mount Darwin, ena nadyedwa ndi mikango panjira. Pambuyo pake kunadza magalimoto a Ulere, ndi Mthandizi mu 1946. Komiti ya Boma la Nyasaland ya mu 1935, yotsogoleredwa ndi Travers Lacey, inapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri a iwo anali atasanduka machona. Ife amene tilikuwerenga tsamba lino ndife zidzukulu za msonkho. Munthu asatiuze kuti nkhani ya msonkho sitiidziwa.

Pali phunziro lina m'mbiri yomweyi limene eni nthaka sakonda kulimva. Nthaka yosakhomeredwa msonkho imagona. Kum'mawa kwa njanji yathu ino kunali Rhodesdale, dziko lalikulu la kampani ya London and Rhodesian Mining and Land Company, imene inadzatchedwa Lonrho. Kwa zaka makumi angapo kampaniyo inasunga nthakayo, niweta ng'ombe pang'ono, nilandira lendi ndi thangata kwa anthu zikwi zambiri okhala momwemo, kudikira kuti mtengo wa nthaka ukwere. Nkhondo ya Hitler itatha, nthakayo inafunidwa kuti igawidwe kwa azungu obwera ku nkhondo ndi ena ochokera kunja, ndipo kuyambira 1950 anthu aja anakwezedwa pa malole natayidwa ku Sanyati ndi ku Gokwe, m'dziko la kashembe ndi malungo. Munthu akhoza kusunga nthaka osailima pokhapokha ngati kuisunga sikumudyera kanthu. Lero lomwe, woyenda pa msewu wa ku Bulawayo aona mapulazi ena obiriwira ndi tirigu wothirira, ndi ena oyandikana nawo amene abwerera tchire, mwini wake ali m'tauni, alamula ndi telefoni, ndipo afika kamodzi pa mwezi kudzatenga nkhuni ndi mbuzi. Pulazi lotere lilemba mlonda mmodzi pamene likadalemba anthu makumi atatu. Msonkho wa nthaka woyesedwa bwino ukakamiza munthu wotere kusankha: alime, kapena apatse wina wofuna kulima. Njira ziwiri zonsezo zibala ntchito.

Nchifukwa chake ife tinena kuti msonkho ukhale pa nthaka, usakhale pa mitu ya antchito. Msonkho wa 1911 unali wa pa mutu. Lamulo la makhonsolo a m'midzi la 1988 nalo, poika msonkho pa migodi ya golide, linayang'ana chiwerengero cha antchito, niliyamba ndi mgodi wa anthu oposa asanu. Msonkho wotere uphunzitsa mwini mgodi chinthu choipa, ndicho kusalemba anthu m'buku. Munthu akumba pansi miyezi isanu ndi umodzi, alandira ndalama m'manja, dzina lake losaoneka paliponse. Tsiku limene mwala umugwera, kapena chifuwa cha fumbi chimugwira, palibe pepala lonena kuti anagwirapo ntchito. Abale a m'migodi yaing'ono ya ku Battlefields, ku Chakari ndi ku Gadzema adziwa chimene tilikunena.

Wina adzati, "Zonsezi zinali za azungu, tsopano nthaka ili ndi anthu akuda anzathu." Inde, ndipo sitilira masiku a chikoti ndi chitupa. Koma khungu la mwini nthaka silisintha kawerengedwe ka ndalama. Ku Msengezi, m'boma lomweli la Chegutu, alimi akuda anayamba kugula mapulazi m'zaka za m'ma 1930, pansi pa lamulo logawa nthaka la 1930, ndipo iwonso analemba antchito, nawerenga makobiri monga mlimi aliyense. Mwini pulazi wa lero akapanikizidwa achita chimene anachita wa dzulo: ayang'ana pamene pali pofewa.

Tifike tsono pa funso lalikulu, ndilo lakuti ndani ali ndi mawu pa ndalama zimenezi. M'masiku a Rhodesia mapulazi anali ndi makhonsolo awoawo, poyamba a misewu, ndipo kuyambira 1966 otchedwa Rural Councils. Wovota m'menemo anali wokhoma msonkho, ndiye mwini nthaka. Ndipo ndalama zinapita kumene eni anafuna, makamaka ku misewu yotulutsira fodya ndi chimanga. Ufulu unadza mu 1980, koma pa pulazi zinthu zinakhala momwemo. Mu 1993 makhonsolo a mapulazi anaphatikizidwa ndi a m'midzi ya mafumu kukhala Rural District Councils, ndipo alimi achizungu analiranso, nati ndalama zathu zidzathera ku malizevu. Pa nthawi yonseyo wantchito wa pa pulazi, ngakhale anali kuvotera pulezidenti ndi phungu, sanali kuloledwa kuvotera khansala wa dera limene anabadwiramo, chifukwa sanali mwini nthaka kapena wolipira lendi. Lamulo linasinthidwa mu 1997, ndipo antchito anavota koyamba pa masankho a makhonsolo a 1998, patapita zaka 18 dziko lili pa ufulu.

Chimwemwe chimenecho sichinakhalitse. Mu 2000 mapulazi anayamba kulandidwa. Antchito a m'mapulazi a azungu anali oposa 300,000, osawerenga akazi ndi ana awo, ndipo olandirako nthaka mwa iwo anali ochepa ndithu. Ambiri anatsala m'makomboni opanda bwana ndi opanda ntchito, ena natsikira m'maenje a golide. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, niliti aliyense wokhala ndi mwayi wa unzika wa dziko lina aukane polemba, mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya wa kuno. Munthu wobadwira ku komboni ya Cam and Motor, amene Lilongwe angoimva m'nthano za agogo ake, anauzidwa kukana dziko limene sanalionepo. Ndipo ambiri, posadziwa kapena posowa ndalama ya ulendo wa ku Harare, anadzuka tsiku lina ali alendo, chitupa chawo cholembedwa kuti alien. Mapanga awiri avumbwitsa: ku Malawi sanatidziwe, kuno anatikana. Mu 2020 Boma linapangana ndi alimi achizungu akale kuwalipira madola 3.5 biliyoni chifukwa cha nyumba, madamu ndi zina zimene anamanga pa mapulazi. Amene anaumba njerwa za nyumbazo ndi kukumba madamuwo sanakhale pa gome la panganolo.

Koma khomo linatsegukanso, ndipo ndi chifukwa chake talemba mawu awa. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, anena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika ya dziko la mu SADC, monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo anali kukhala kuno pa tsiku la kulengezako, ali nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Nzika ivota. Ndipo m'mawadi ambiri a m'mapulazi ndi m'migodi antchito ndi mabanja awo achuluka koposa eni nthaka. Khansala amene akhala pansi kukambirana za unit tax ndi za msewu umene uyambe kukonzedwa akhoza kukhala wosankhidwa ndi ife, tikafuna.

Nanga tichite chiyani pamene eni mapulazi ayambanso kulira? Choyamba, tisatengedwe ngati nkhuni za moto wa wina. Zimachitika kuti bwana atuma kapitawo ndi pepala ku komboni, nati aliyense asaine kapena adinde chala, kuti khonsolo ione kuti anthu onse akana msonkho. Ndipo atuma thirakitala kutinyamula kunka ku msonkhano kuti tikadzaze mabenchi. Tisanadinde, tifunse chimene chalembedwa. Ngati pepalalo lipempha kuti nthaka iyesedwe monga mwa mvula ndi dothi lake, kuti pulazi lolimidwa ndi lolemba anthu lipepukidwe, ndi pulazi logona lilemedwe, tikhoza kusaina ndi mtima woyera, pakuti phindu lake ndi lathunso. Ngati lingoti msonkho uchotsedwe, dzanja lathu likhale m'thumba. Ndipo si kulakwa kufunsa mwaulemu kuti, "Bwana, msonkho ukatsika, malipiro athu a miyezi iwiri ija adzatuluka kodi?"

Tidziwenso kuti msonkho wa nthaka ndi ngongole ya mwini nthaka. Lamulo la ntchito la dziko lino litchula zinthu zimene wolemba ntchito aloledwa kudula pa malipiro, ndipo unit tax palibepo. Bwana akanena kuti mwezi uno mulandira theka chifukwa khonsolo yandipanikiza, ameneyo wabwereka ndalama zanu osapempha. Lembani masiku anu m'kabuku kanu, monga agogo athu anali kusunga tikiti yawo, ndipo nkhaniyo ipite ku komiti ya antchito, kapena ku GAPWUZ kwa a m'mapulazi, kapena ku bungwe la antchito a m'migodi. Munthu mmodzi wopita yekha ku nyumba yaikulu abwerako atachotsedwa ntchito ndi nyumba yomwe, pakuti nyumba ya ku komboni iyenda ndi ntchito, pitani ambiri.

Kwa makhonsolo nawo tili ndi mawu, kuti angayese kuti tawakhululukira. Mlimi wonena kuti sanaone galeda pa msewu wake zaka zisanu kawirikawiri sanama. Msonkho umene uthera m'malipiro a m'maofesi ndi m'magalimoto a akuluakulu upatsa mwini nthaka chifukwa chabwino chokanira, ndipo ife tipwetekeka kawiri. Chakumapeto kwa chaka chilichonse khonsolo iitana anthu ku misonkhano yokambirana bajeti ya chaka chamawa. Eni mapulazi, eni masitolo ndi eni migodi apita, kapena atuma owalankhulira. Ife sitipita, chifukwa msonkhano uchitika pakati pa sabata dzuwa lili pamutu, nthawi yobzala, ndiponso chifukwa tinazolowera kuganiza kuti mlendo salankhula pa bwalo la eni mudzi. Koma mlendo wa mibadwo inayi, amene manda a agogo ake ali kuseri kwa komboni, ndi gule wake avinidwa pa Chakari ndi pa Eiffel Flats chiyambire kale, salinso mlendo. Komboni iliyonse ikhoza kutuma anthu awiri odziwa kuwerenga, anzawo nawagwirira ntchito ya tsikulo. Akafika afunse kuti m'wadi yathu munasonkhetsa ndalama zingati chaka chatha, munagwiritsa zingati muno momwe, ndi mapulazi angati amene sanakhome. Mafunso amenewa sakondweretsa khonsolo kapena eni nthaka, ndipo palibe wina adzawafunsa m'malo mwathu. Afunsenso kuti msonkhano wotsatira uchitike Loweruka masana kapena Lamulungu anthu ataweruka ku tchalitchi.

Zonsezi ziyamba ndi chitupa. M'makomboni athu mukali anthu ambiri, makamaka amayi ndi okalamba, amene asunga chitupa chakale cholembedwa alien, ndi ana opanda kalata ya kubadwa chifukwa makolo awo analibe mapepala. Inu anyamata ndi atsikana amene munapita ku sukulu, funafunani m'masutikesi a makolo anu kalata ya kubadwa, khadi la ku chipatala cha mgodi, kalata ya ubatizo, chilichonse chosonyeza kumene munthu anabadwira, ndipo muwaperekeze ku ofesi ya kalembera ku Kadoma kapena ku Chegutu. Mzere wake ndi wautali, ndipo mwina adzakubwezani kamodzi kapena kawiri kuti mukatenge mboni. Nyamukani ndi basi yoyamba, mutenge ndi kamba wa panjira.